THAMBO LA DZIKO LINO NDI LA YANI?



Kuno ku Mphamba ndeke timaziona, koma timaziona titapinda khosi. Imadutsa kutali m'mwamba ngati kambalame, ikusiya mzere woyera kumbuyo, ana nathamanga pabwalo akukuwa kuti ndeke! ndeke! Ikapita aliyense abwerera ku khasu lake. Tsiku lina pa msika wa pa Boma ndinayamba nkhani ya mapangano a ndeke, ndipo mkulu wina wogulitsa nyemba anandiseka nati, "Mwana wanga, ndeke ndi za mabwana. Ife a njinga zitikhudza bwanji?" Anthu anaseka naye. Ine sindinakwiye, pakuti atate aja ananena zimene ambiri a inu muganiza. Tsono ndalemba mau awa kuti ndiwayankhe iwo pamodzi ndi inu nonse.

Ine sindine munthu wophunzira kwambiri. Sukulu ndinalekeza Giredi 7. Koma ndinagwira nchito ya ukalaliki pa mgodi wina ku Copperbelt, ndipo pa tebulo lija ndinaphunzira cimene sukulu siinandiphunzitse. Munthu amene atsika pansi ndi fosholo alamulidwa ndi pepala limene iye sanaliwerenge. Maola ake, malipiro ake, tsiku lomucotsa nchito, zonse zinalembedwa kale ndi anthu amene anakhala m'cipinda natseka citseko. Ine ndinali kungodinda ndi kusunga m'faelo. Tsiku langa litakwana, kalata yanga inaturuka m'faelo momwemo.

Ndiri ku mgodi kuja ndinalandira foni yakuti amai adwala kwambiri. Ndinakwera basi kupita ku Lusaka, ndinagona pa siteshoni, ndinakwera ina ya ku Chipata ndi Lundazi, ulendo wa makilomita oposa 1,000. Ndinapeza anthu akubwera kumanda. Mulungu womwewo akuluakulu a pa mgodi anadya cakudya ca m'mawa ku Copperbelt, ca masana nakadyera ku Johannesburg. Sindikunena izi cifukwa ca nsanje iai. Ndifunsa cabe kuti, kodi ndani analamula kuti Johannesburg ikhale pafupi, Lundazi ikhale kutali? Mulungu sanalembe njira m'mitambo. Anazilemba ndi anthu, pa pepala, nasaina maina ao pansi.

M'MENE ANAGAWANIRA THAMBO

Ndeke siingoturuka m'dziko lake ndi kukatera kumene ifuna. Pamafunika pangano pakati pa maboma awiri. Mwambo uwu unayamba ku Ulaya cifukwa ca mantha. Mu April 1913 combo ca m'mlengalenga ca asilikali a Germany cinasocera nicitera ku Lunéville m'dziko la France. Panali mkangano waukulu, ndipo mu July caka comweco maboma awiri aja analemberana makalata ogwirizana za amene aloledwa kuuluka pamwamba pa dziko la mnzake. Nkhondo yoyamba itatha, maiko anasonkhana ku Paris, ndipo pa 13 October 1919 anasaina pangano limene mau ake oyamba anali akuti dziko liri lonse ndilo mwini wa thambo liri pamwamba pake.

Mau abwino ndithu. Koma funsani kuti thambo la kuno anasainira ndani. Anasaina Angelezi. Pa nthawi ija dziko lino linali m'manja mwa British South Africa Company, kampani ya Cecil Rhodes, imene inalamula kufikira 1924. Panalibe mfumu ya Atumbuka, ya Acewa, ya Angoni kapena ya Asenga imene inafunsidwa. Anatenga nthaka, anatenga mkuwa uli pansi pa nthaka, natenganso mphepo iri pamwamba pake.

Nchito yokha ndiyo anatisiyira. M'caka comweco ca 1919 Angelezi anali kukonza njira ya ndeke yocokera ku Cairo kufika ku Cape Town. Makolo athu ndiwo anagwetsa mitengo, nazula zitsa, naphwanya zulu ndi makasu ku Abercorn, ku Ndola, ku Broken Hill ndi ku Livingstone. Mu 1920 Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand anatera pa mabwalo amenewo, ndipo maina ao ali m'mabuku kufikira lero. Mu January 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula makalata kucokera ku London kupita ku Cape Town, ikutera ku Mpika ndi ku Broken Hill, kenaka ku Salisbury.

Tengani mapu muone mzere umenewo. Ucokera kumpoto, ulunjika kummwera. Unalembedwa kuti mwini mgodi, Bwanamkubwa ndi thumba la makalata afike msanga ku London ndi ku Johannesburg. Ife a Kummawa tinali nkhokwe ya anthu a cibalo. Munthu wa cibalo ayenda pansi, mtolo pamutu. Cotero mzere sunakhotere kwathu.

CHICAGO NDI BERMUDA

Nkhondo yaciwiri iri pafupi kutha, maiko 52 anasaina pangano lina ku Chicago pa 7 December 1944. Ndilo linabala bungwe la ICAO limene liyang'anira malamulo a ndeke pa dziko lonse. Pa za citetezo, zizindikiro ndi ziphaso za oyendetsa ndeke anamvana. Pa za ndalama anakangana. America inali ndi ndeke zazikulu zambiri, tsono inafuna kuti makomo onse atseguke. Britain inali ndi ndeke zonyamula anthu zocepa, koma inali ndi mabwalo m'maiko onse amene inali kulamula, tsono inafuna kuti malonda agawidwe mwa muyeso. Mwaona kodi? Mabwalo amene makolo athu analambula ndiwo anali katundu wa Angelezi pa msika uja.

Atalephera kumvana onse pamodzi, anati aliyense adzipangana ndi mnzake awiriawiri. Britain ndi America anakumana pa cilumba ca Bermuda, nasaina pa 11 February 1946. Pangano la Bermuda linasanduka citsanzo cimene maiko ambiri anatsata zaka zambiri pambuyo pake.

Muli ciani m'pepala lotere? Ndikuuzeni monga kalaliki. Muli maina a mizinda imene ndeke za mnzako ziloledwa kuteramo. Muli mau onena makampani amene boma liri lonse lisankha kuti ayende njira imeneyo. Muli za kuculuka kwa maulendo ndi mipando. Muli za mitengo ya matikiti ndi amene aivomereza. Muli za msonkho wa mafuta ndi zitsulo, ndi za kuturutsa ndalama zimene kampani yapeza. Ndipo muli zilolezo zisanu. Coyamba, kudutsa pamwamba pa dziko la mnzako osatera. Caciwiri, kutera kuti umwetse mafuta. Cacitatu, kutsitsa anthu ocokera kwanu. Cacinai, kunyamula anthu opita kwanu. Cacisanu, kunyamula anthu m'dziko la mnzako ndi kukawatula m'dziko lacitatu.

Cacisanu ico ndico cimakhala ndi mafuta. Inu oyendetsa mabasi mucimva msanga. Basi ya ku Lilongwe kubweretsa anthu ake ku Chipata ndi nkhani ina. Basi yomweyo kuima pa siteshoni ya Chipata ndi kuyamba kuitanira anthu a ku Lusaka ndi nkhani inanso. Amene apereka cilolezo cimeneco apereka nsima ya anthu ake, ndipo ayenera kudziwa cimene walandira m'malo mwake.

Ku Chicago maiko a mu Africa amene anakhala pa mpando wao anali anai okha: Egypt, Ethiopia, Liberia ndi South Africa. Sungani dzina la Ethiopia, tibwereranso kwa ilo.

NG'OMBE IDYA KUNO, MKAKA UKAMIDWA KU SALISBURY

Mu June 1946 maboma atatu a atsamunda anapangana kukhazikitsa kampani ya Central African Airways. Southern Rhodesia inatenga magawo 50 pa 100, Northern Rhodesia 35, Nyasaland 15. Likulu anaika ku Salisbury. Mashopu okonzera ndeke anali ku Salisbury. Maofesi akulu, nchito za umakaniko, malipiro abwino, zonse ku Salisbury. Dziko lino linaponya ndalama m'mbale, mbale nikhala pa khonde la eni. Citaganya ca Federation citabwera mu 1953, zimene zinacitika ndi ndeke zinacitikanso ndi ndalama za mkuwa.

Nanga munthu wakuda anakwera liti ndeke masiku amenewo? Abale athu a tsidya lija, a ku Mzimba ndi ku Kasungu, adziwa yankho. Anakwera ndeke za Wenela. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ija inali kunyamula amuna a ku Nyasaland ndi kukawatula ku Francistown, kumene anakwera sitima ya ku migodi ya golide. Ndeke inapezeka pamene mgodi unafuna manja. Pa 4 April 1974 ndeke ya Wenela inagwa ku Francistown, ndipo anchito 74 a ku Malawi amene anali kubwerera kwao anafa. Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu caka comweco. Amene ati ndeke sizikhudza munthu wa fosholo akafunse akazi amasiye a amuna amenewo.

Kumbukiraninso usiku wa pa 17 September 1961. Ndeke yonyamula Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inalowa m'thambo la dziko lino. Woyendetsa analankhula coyamba ndi ofesi ya ku Salisbury, cifukwa ndiyo inali kuyang'anira thambo lathu, pambuyo pake ndi nsanja ya ku Ndola. Ndeke inagwa pafupi ndi Ndola, ndipo anthu onse 16 anafa. Ooca makala ndi anthu a m'makomboni ananena kuti anaona moto m'mwamba, ena anati anaona ndeke yaciwiri. Bungwe lofufuza la boma la Federation linataya umboni wao, niliika mlandu pa woyendetsa. Zaka zoposa 50 zitapita, United Nations inatsegulanso mlandu uja niyamba kumvera mau a mboni zomwe zija. Mwini thambo ndiye amasankha mboni yomveredwa. Makolo athu anali ndi maso, koma thambo silinali lao.

PAMENE TINAGWIRA COLEMBERA TOKHA

Federation inafa pa 31 December 1963. Maboma atatu anapangananso kuti Central African Airways ikhalebe ya onse, Northern Rhodesia magawo 45, Southern Rhodesia 45, Nyasaland 10. Mu 1964 munabadwa Zambia Airways, Air Malawi ndi Air Rhodesia, koma onse atatu anali ana a m'nyumba imodzi, ndipo nyumbayo inali ikali ku Salisbury. Mbendera yathu inakwera pa 24 October 1964. Makiyi a ndeke anatsala kummwera.

Kuipa kwake kunaoneka msanga. Pa 11 November 1965 Ian Smith anapanduka, ndipo m'mwezi wotsatira mafuta a galimoto analeka kubwera kudzera ku Rhodesia. Petulo anayamba kugawidwa ndi makhadi. Ndeke za Britain, Canada ndi America zinanyamula mafuta kucokera ku Dar es Salaam, ku Nairobi ndi ku Leopoldville kudzatula ku Lusaka ndi ku Ndola. Ndeke zimene zija zinauluka cifukwa maboma a Tanzania, Kenya ndi Congo anatsegula mabwalo ao. Akanakana, malole akanaima, ndi anchito akanakhala pansi. Atate anga a nyemba, masiku amenewo lole yodzagula nyemba ku Lundazi inadalira mafuta obwera m'mwamba.

Maiko a Africa anaphunzira kuti thambo ndi mkondo. Mu 1963 ambiri a iwo analetsa ndeke za South African Airways kudutsa pamwamba pao cifukwa ca tsankho la apartheid. Ndeke zija zinakakamizidwa kuzungulira kumadzulo, pamwamba pa nyanja, zaka zambiri, zikuononga mafuta ndi nthawi. Palibe mfuti inalira. Anangokana kusaina.

Koma pepala lopanda mphamvu kumbuyo kwake ndi pepala cabe. Pa 19 October 1978 ndeke za Smith zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo mtsogoleri wao analamula nsanja ya pa bwalo la Lusaka kuti ndeke za nkhondo za Zambia zisanyamuke. Mazana a anthu anafa. Ufulu wa thambo tinaulipira ndi mwazi, ndipo cinthu cogulidwa ndi mwazi sacigulitsa mobisa.

Mu 1967 tinapatukana ndi Salisbury. Central African Airways inatha, Zambia Airways inaima payokha mothandizidwa ndi Alitalia ya ku Italy, ndipo bwalo latsopano la ku Lusaka linatsegulidwa. Boma lathu linayamba kusaina mapangano m'dzina lake. Ana a anthu a m'makomboni anaphunzira kuyendetsa ndeke ndi kuzikonza. Mu 1984 inabwera ndeke yaikulu ya DC-10 yochedwa Nkwazi, ndipo mu 1988 inayamba kufika ku New York.

Tsono apa ndinene zowawa, pakuti wolemba amene angotukwana atsamunda ndi kubisa zolakwa za kwao ndi wabodza. Mu December 1994 Zambia Airways inatsekedwa. Smith sanaitseke. Inamira m'ngongole tikuyang'ana, ndipo boma la a Chiluba, lopanikizidwa ndi eni ngongole a kunja, linaleka kuithandiza. Anchito ambirimbiri anapita kunyumba tsiku limodzi, monga m'mene ife a m'migodi tidziwira. Kodi mapepala a zaka zija, ogula ndeke, obwereka ndalama, otsegula njira zosapindula, anawerengedwa pamaso pa anthu? Tinamva za iwo pa tsiku la maliro. Pangano limapatsa maiko awiri ufulu wolingana pa pepala, koma ngati mmodzi alibe ndeke, ufulu wake ungogona m'faelo, mnzake nadya mbali zonse ziwiri. Ndipo mlendo abwera ndi kupita monga afunira. British Airways inaleka ulendo wa London ndi Lusaka mu 2013, ndipo panalibe amene akanaigwira mkono. Akulu anati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka.

PHUNZIRO LA ETHIOPIA

Ndinati musunge dzina la Ethiopia. Ethiopian Airlines inayamba kuuluka mu April 1946, caka cimodzimodzi ndi Central African Airways. Aitiopiya analibe oyendetsa ndeke okwanira, tsono anapangana ndi kampani ya ku America yochedwa TWA kuti iwayendetsere. Koma boma la Ethiopia linasaina lokha, kampani inali yake, ndipo linaumirira kuti alendo aphunzitse ana a dziko. Mu 1971 Mwitiopiya anakhala mkulu wa kampani. Maboma anasintha ku Addis Ababa, mfumu inagwa, asilikali analamula nagwanso, koma kampani anaisiya kuti iyende monga kampani.

Taonani tsono kumene zinthu zinafika. Air Malawi inatha mu 2013, ndipo m'kampani yatsopano ya ku Malawi Ethiopian Airlines inatenga magawo 49 pa 100. Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka pa 1 December 2021, boma lathu kudzera mu Industrial Development Corporation liri ndi magawo 55, Ethiopian Airlines 45. Anzathu amene tinayamba nao caka cimodzi ndiwo anabwera kudzatidzutsa.

Ine sindida Aitiopiya. Ndi abale athu a mu Africa, ndipo acita cimene munthu wanzeru acita. Ndinena kuti ticite kwa iwo cimene iwo anacita kwa TWA. Mlendo adze ndi nzeru zake, alandire phindu lake, koma pepala linene poyera kuti pa zaka zakuti oyendetsa angati, amakaniko angati, akuluakulu angati adzakhala ana a Zambia. Ngati mau amenewo alimo, awerengeni timve. Ngati mulibe, tibwerera ku 1946, kuponya ndalama m'mbale ya pa khonde la eni.

YANKHO KWA ATATE A NYEMBA

Atate anati ndeke ndi za mabwana. Inde, wokwera ndi bwana. Koma wolipira ndani? Nyumba yatsopano ya pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2021, inadya madola 360 miliyoni, ngongole yocokera ku China. Caka comweco anatsegula bwalo latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola, nalonso la ngongole. Ndipo mu November 2020 dziko lino linali litalephera kale kubweza ngongole zake zina. Ngongole ya boma siibwezedwa ndi okwera ndeke okha. Ibwezedwa ndi msonkho wa pa sopo, pa saladi, pa malata, pa malipiro a wanchito aliyense. Atate, mwina simudzakwera ndeke moyo wanu wonse, koma njerwa zina pa bwalo lija ndi zanu. Amene walipira lobola saletsedwa kuona mkwatibwi.

Ena ati, "Ndife dziko laling'ono, tingakangane bwanji ndi makampani akulu? Tsegulani makomo onse, ndeke zicuruke, mitengo itsike." M'mau awa muli coona, ndipo sindicikana. Mu 1999 ku Yamoussoukro nduna za maiko a Africa zinagwirizana kutsegulirana thambo, pamodzi ndi cilolezo cacisanu cija, ndipo mu January 2018 ku Addis Ababa atsogoleri anakhazikitsa msika umodzi wa ndeke wa Africa yense. Ndi camanyazi kuti munthu wopita ku dziko lina la mu Africa nthawi zina adzere ku Ulaya kapena ku Dubai. Kutsegulira mbale wako khomo ndi cinthu cabwino. Koma mwini nyumba ndiye atsegula, ana ake akuona, ndipo adziwa amene walowa ndi cimene wabweretsa. Khomo lotseguka usiku anthu ali m'tulo liri ndi dzina lina.

Ndipo ngakhale makomo onse atatseguka, ndeke zidzapita kumene kuli ndalama kale: ku Lusaka, ku migodi, ku Livingstone. Kuno Kummawa bwalo limene lilandira ndeke kawirikawiri ndi la Mfuwe, cifukwa alendo afuna kuona njovu za m'Luangwa. Njovu iri ndi ndeke yake, mai wodwala wa ku Lundazi alibe. Bwalo lathu la pa Boma limasesedwa pamene kukubwera wamkulu, makamaka masankho akayandikira. Mzere wa 1932 ukali pomwepo, wocokera kumpoto kulunjika kummwera. Atsamunda anaulemba, ife taukhwimitsa ndi inki yathu.

Taonaninso ici. Kucokera ku Chipata kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Kucokera ku Chipata kupita ku Lilongwe sikufika ndi 150 komwe. Bwalo lalikulu limene liri pafupi ndi munthu wa Kummawa ndi la ku Malawi, kwa anthu amene tilankhula nao cinenero cimodzi, tikwatirana nao, tiikira nao maliro. Pamene nduna za maiko awiriwa zikhala pansi kukamba za ndeke ndi za malire, kodi pamakhala munthu wokumbutsa za Chipata, Lundazi, Mzimba ndi Kasungu? Kapena akamba za mizinda ikuluikulu yokha, monga anacitira eni Central African Airways?

ZIMENE TIFUNA

Malamulo akulu a dziko, monga anakonzedwa mu 2016, apatsa Nyumba ya Malamulo nchito yovomereza mapangano a pakati pa maiko. Ife tinena kuti mzimu wa lamulo limenelo ufike ndi pa mapangano a ndeke. Tifuna izi:

1. Pangano liri lonse la ndeke pakati pa Zambia ndi dziko lina liikidwe pa tebulo la Nyumba ya Malamulo, aphungu alikambe anthu akumva pa wailesi.

2. Mapangano amene anasainidwa kale asindikizidwe, ndipo mitu yake imasuliridwe m'Cinyanja, Citumbuka, Cibemba ndi zinenero zina, kuti wanchito awerenge yekha.

3. Kampani ya kunja imene ilandira cilolezo cacisanu, kapena magawo m'kampani yathu, ilembe poyera ciwerengero ca ana a Zambia amene idzaphunzitsa ndi kulemba nchito, ndipo caka ndi caka nduna inene ngati lonjezo lasungidwa.

4. Gawo la ndalama zimene ndeke za kunja zilipira potera ndi podutsa m'thambo lathu lipite ku mabwalo a m'maboma akutali monga Lundazi, kuti akhale okonzeka kulandira ndeke ya odwala nyengo iri yonse, ya dzinja ndi ya cilimwe.

5. Pokambirana ndi Malawi, pakhale oimira anthu a m'malire.

Inu a m'mabungwe a anchito, ikani nkhani iyi pa misonkhano yanu. Inu a m'makomboni a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amene kwanu ndi Kummawa, ndinu mudziwa kutalika kwa mseu wa Great East pa tsiku la uthenga woipa. Phungu wanu akabwera kudzapempha voti, musamufunse za citenje ndi kapu. Mufunseni kuti, "Bwana, ndi mapangano angati a ndeke amene munawerenga cilowere m'Nyumba ija? Munalankhulapo ciani za Kummawa?" Akayang'ana pansi, mwadziwa.

Mu 1919 anatisainira tiri ndi makasu m'manja. Mu 1946 anatisainira tiri pansi pa mgodi. Makolo athu anali ndi cowiringula, pakuti citseko cinali cokhoma ndipo pakhomo panali msilikali. Ife tiri ndi voti, tiri ndi aphungu, tidziwa kuwerenga. Akatisainiranso osatifunsa, mlandu udzakhala wathu.

Atate anga a nyemba, Loweruka ndidzabwera pa msika ndi nyuzi iyi. Mundisungire mpando, ndidzakuwerengerani ndekha.

Ndine wanu,
Kalaliki wakale wa ku migodi,
Mphamba, Lundazi.